Dzanja la Trifon ndi Mlonda wa pa Mlatho

Dzina langa ndine Nevena. Ndili ndi zaka 41, ndimakhala mumzinda wa Plovdiv, ndipo ndakhala pabanja ndi Trifon zaka 16. Sindinamuyendepo njomba ndi mwamuna wina, sindinamunyozepo pagulu. Koma masiku ano akamasewera gemu yake amatseka chitseko, ndipo sakulakwa. Ndikuuzani chimene ndinachita, kungoti mundilole ndiyambire kutali, chifukwa ndikachitchula pano museka n'kunena kuti ndi nkhani ya ana.

1

Trifon anali wokonza zikepe za m'nyumba zosanja. Manja ake ndiwo anali chuma chathu. Akaweruka ankasamba, kudya, kenaka n'kukhala pakompyuta atagwira padi, kachipangizo ka mabatani kamene amasewerera. Gemu yake yapamtima tinkangoitchula kuti Nsanja. Munthu wa lupanga amakwera nsanja, ndipo pakhomo lililonse pamakhala chilombo chomudikira. Poyamba gemuyo imakufunsa kuti ukufuna kuvutika motani. Pali Nthano, m'mene adani amagwa ukangowayetsemulira. Pali Wamba, pali Msilikali. Pamwamba penipeni pali Chitsulo, m'mene ukalakwitsa kamodzi wafa, uyambirenso.

Mwamuna wanga ankasewera Chitsulo basi, ndipo ankachilalikira ngati chipembedzo. Loweruka lililonse kunkabwera Zdravko, mnzake woyendetsa takisi amene anatiimira umboni pa ukwati wathu, ndipo mkangano wawo unali umodzimodzi.

"Kusewera Nthano n'chimodzimodzi kukwera phiri pa chikepe," ankatero Trifon, wokonza zikepe yemweyo.

"Aise, ine ndimazunzika tsiku lonse pamsewu," ankayankha Zdravko. "Ndifike kunyumba ndizunzikenso ndi zidole? Ndinagula gemu, sindinagule bwana wachiwiri."

"Ndiye uzingoonera makanema ngati nkhalamba. Usamati ukusewera."

Ine ndinkawaseka onse awiri. Ntchito yanga ndi yoyesa magemu asanagulitsidwe, pa kampani ina yaing'ono. Tsiku lonse ndimafufuza zolakwika, ndipo ndimadziwa kuti kuseri kwa chilombo chilichonse kuli manambala chabe. Tsiku lina ndinamuuza Trifon kuti Chitsulo chakecho ndi manambala amene munthu wina analemba akutafuna chakudya chamasana.

"Ndiye ndimachikondera pomwepo," anatero. "Anthu amakunyengerera, Neve. Gemu siinyengerera munthu. Ikati watha, ndiye kuti wathadi."

Ndinamugenda ndi kansalu kopukutira mbale, nkhani n'kuthera pomwepo.

2

Tsoka silinunkha. Mwezi wa Meyi chaka chatha, Trifon anagwa ali kuntchito, wanyamula bokosi la zida. Inali sitiroko, pa zaka 44. Mwendo unabwerera msanga, pakamwa napo panawongoka, koma dzanja lamanja linatsala ngati la mwini wake wina. Zala zinkamva ndithu, koma zinkabwera mochedwa.

Adokotala, mayi wamtali wosaseka, anatiuza mosapsatira. "Miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira ndiyo yofunika. Mafizo katatu pa sabata, ndipo kunyumba tsiku lililonse. Mukaphonya nthawi imeneyi, zala zidzauma mmene zililimu."

Atabwerera kunyumba, chinthu choyamba chimene anafuna chinali padi. Pakhomo lachitatu la Nsanja pali chilombo chotchedwa Mlonda wa pa Mlatho. Kale Trifon ankachigwetsa akucheza nane. Tsopano chinamupha. Anayambiranso, chinamuphanso. Ndinasiya kuwerenga zitafika ka makumi anayi.

Loweruka Zdravko anayesa kumuthandiza. "Tangoika Nthano kaye, mchimwene. Kwa miyezi iwiri yokha. Palibe amene angadziwe."

"Ineyo ndingadziwe."

"Ndi mankhwala chabe, ngati ndodo yoyendera."

"Tuluka m'nyumba mwanga."

Zdravko anaganiza kuti ndi nthabwala, mpaka pamene anaona nkhope yake. Anatenga jekete n'kumapita.

Kuyambira tsiku limenelo Trifon anasiya kumeta ndevu, chakudya ankangochitembenuza ndi supuni. Kumafizo ankapita chifukwa ndinkachita kumukankha. Timakhala pa nsanjika yachisanu ndi chiwiri, ndipo masana ena ndinamupeza ataima pakhonde, atatsamira chitsulo, akuyang'ana pansi. Ndinamuitana kawiri asanatembenuke.

"Gemu yanena, Neve," anatero. "Ndatha."

Ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire. Lachiwiri lotsatira iye atapita kumafizo, ndinapempha kuntchito kuti ndichedwe, ndipo ndinatsala ndekha m'nyumba kwa ola limodzi.

3

Lachinayi la sabata yomweyo ndinali kukhitchini ndikusenda mbatata pamene ndinamva akukuwa dzina langa. Mpeni unagwa pansi. Ndinathamanga ndikuganiza kuti wagwanso.

Ndinamupeza ataimirira, padi ili m'manja. Pa kompyuta Mlonda wa pa Mlatho anali gone, lupanga lili pamtima. Pakona mawu aja anali pomwepo: Chitsulo.

"Taona," anatero, misozi ili chuchuchu. "Taona pakonapo. Sindinatsitse. Neve, dzanja langa likubwerera."

Anandikumbatira mpaka nthiti kuwawa. Nanenso ndinalira, ndipo iye anaganiza kuti tikulirira chinthu chimodzi.

Tsiku lomwelo anameta ndevu. Anadya mbale ziwiri za nyemba. Anaimbira Zdravko n'kumupepesa mwa njira yake, pomutchula kamberembere wa Nthano n'kumuuza kuti abwere Loweruka adzaone amuna akusewera. Pakhonde paja anayamba kuimapo kuti athirire maluwa basi. Mwamuna wanga anali atabwerera kwa ine, ndipo ndinadziuza kuti palibe mkazi amene akanachita mosiyana.

4

Mu Ogasiti anasiya mafizo.

"Akungondifinyitsa kampira ngati khanda," anatero. "Gemu ndiyo ikundichiritsa. Sabata ino ndadutsa makomo awiri. Kampira kangandiuze zimenezo?"

"Adokotala anati miyezi isanu ndi umodzi."

"Adokotala sanandione ndikugwetsa Mlonda. Iwe unandiona. Kapena ukukayika?"

Apa ndi pamene ndinafunika kuyankhula. Pakamwa panali potsegula kale. Koma ndinayang'ana kukhonde kuja, ndipo ndinangoti, "Sindikukayika."

Komatu maso ndinali nawo. Kapu ya khofi anayamba kuinyamula ndi lamanzere. Malaya a mabatani anawasiya, n'kumavala majuzi ongolowetsa. Botolo la tsabola wokazinga ankandipatsa ine kuti nditsegule, akunamizira kuti m'manja muli mafuta. Zala ziwiri zakumapeto zinayamba kupindikira m'kati ngakhale ali m'tulo. Iye ankati ndi kuzizira, kapena kutopa, chifukwa Nsanja inkamuuza zina. Ankakwera khomo ndi khomo, ndipo anayamba kukamba zobwerera kuntchito dzinja likatha.

Lachiwiri lililonse ndinkapeza chifukwa chomutulutsira m'nyumba. Pita ukawaone amayi, pita ukagule buledi wa kumsika uja, wa pafupiyu ndi wouma. Akangotseka chitseko ndinkakhala pa mpando wake. Ndikamaliza ndinkalemba nambala imodzi m'kabuku kanga kobiriwira, mwa chizolowezi cha kuntchito, chifukwa woyesa magemu sasintha kanthu osalemba. Kabukuko ndinkakabisa m'kabati, kuseri kwa ufa.

Ndinkadziuza kuti sabata yamawa ndimuuza. Masabata amawa anakwana makumi atatu.

5

Pa 14 Febuluwale ndi tsiku la woyera mtima amene Trifon anatengera dzina lake, ndipo tsiku lotere alendo sachita kuitanidwa. Ndinaphika mathireyi awiri a banitsa, chitumbuwa chathu cha tchizi, ndi nkhuku yootcha. Pofika masana m'nyumba munali modzaza: Zdravko ndi mkazi wake, anzake atatu a ku zikepe, ndi apongozi anga, mayi Tsveta, amene anabwera ndi vinyo wa kumudzi. Rakiya, kachasu wathu wa zipatso, anazungulira kawiri. Trifon anali wosangalala ngati mkwati. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

"Tamva kuti wachira," anatero mmodzi mwa anzake aja. "Koma ife takumva pakamwa pokha."

"Ndiye bwerani muone ndi maso," anatero Trifon. "Ndikugwetserani Mlonda pa Chitsulo, ndi dzanja lomweli limene adokotala analilira maliro."

Onse anakhamukira kuchipinda cha kompyuta, matambula m'manja. Ine ndinabwera pambuyo ndi mbale ya banitsa, mtima uli m'malo. Kenaka ndinaona timawu pakona: gemu yakonzedwa lero. Eni gemu amatumiza zokonza kudzera pa intaneti, ndipo kompyuta imazilandira yokha ngati sunailetse. Miyezi yonseyi ndinkaletsa. Sabata imeneyo, ndi piringupiringu wa phwando, ndinaiwala.



Mlonda anamupha Trifon asanakweze n'komwe lupanga. Anthu anaseka. "Ndi rakiya ameneyo," anatero Zdravko. Trifon naye anaseka, n'kuyambiranso. Anafa. Kachitatu anafa. Kachisanu palibe amene ankaseka. Ndinkaona chala chake chachikulu chikufunafuna batani, n'kufika chilombo chitamenya kale.

"Tiyeni tikadye, nkhuku ikuzizira," ndinatero.

Sanandimve. Anaika padi patebulo n'kukweza dzanja lija, akuliyang'ana ngati waliona koyamba. Nkhope yake inali mbuu.

"Dzulo dzanjali limatha," anatero chapansipansi. "Dzulo lomweli. Neve, yabweranso. Sitiroko yabweranso."

Apongozi anayamba kulira. Zdravko anali atatulutsa kale makiyi a galimoto.

6

Mu takisi ya Zdravko ndinakhala kumbuyo ndi Trifon. Anandigwira ndi dzanja lamanzere. "Ndikapanda kutuluka m'chipatala, usagulitse nyumba," anatero. "Ndipo amayi usawasiye okha." Ndinali ndi mphindi khumi ndi zisanu zoti ndimuchotse mantha amenewo, ndipo sindinatsegule pakamwa.

Kuchipatala anamuthamangitsira ku makina ojambula m'mutu. Titadikira maola awiri, adokotala omwe aja anatiitana tonse awiri.

"M'mutu mulibe chatsopano," anatero. "Koma mukuti dzanja lafooka mwadzidzidzi lero?"

"Dzulo linali bwinobwino, adokotala."

Anatenga dzanja lija n'kuyesa kuwongola zala. Sizinalole. "Bambo, dzanja ili silinaume lero. Lakhala likuuma kwa miyezi. Mafizo munasiya liti?"

"Mu Ogasiti. Ndinali nditachira."

"Anakuuzani ndani kuti mwachira?"

Trifon anafotokoza za Nsanja, za Mlonda, za Chitsulo. Adokotala anamvetsera, kenaka anati ngati zilidi choncho ndiye kuti pali china chimene sakuchiona, agonekedwe kuti mawa amuyeze za mumsana. Apa mpamene zinandikanika.

"Musamugoneke," ndinatero. "Palibe chimene chasintha lero. Ndine."

Onse awiri ananditembenukira.

"M'kati mwa gemu muli kafayilo ka manambala, Trifon. Kamanena mphamvu za adani ndi liwiro lawo. Pa Chitsulo nambala yake ndi 100. Lachiwiri lija la mu Julayi ndinaitsitsa, koma mawu a pakona ndinawasiya. Unkaona Chitsulo, koma sichinali Chitsulo. Lero gemu yadzikonza yokha, manambala abwerera mwakale."

Adokotala anayang'ana mapepala awo.

"Mlonda uja," anatero Trifon. "Tsiku lija ndinalira lija."

"Ndinali nditatsitsa."

Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anangofunsa adokotala ngati zala zingawongokenso. Iwo anati mafizo angathandize pang'ono kuti zisapitirire kuuma, koma za zikepe aiwale. Anawonjezera kuti tikanabwera mu Okutobala bwenzi akunena zina.

7

Titafika kunyumba alendo anali atabalalika. Apongozi anali atatsuka mbale n'kuvindikira banitsa wotsala. Trifon anakhala patebulo la kukhitchini osavula jekete.

"Unatsitsa kamodzi?"

Ndikanatha kunama. Palibe amene akanadziwa. Koma ndinatsegula kabati, ndinasuntha ufa, n'kumuikira kabuku kobiriwira patsogolo. Anakatsegula ndi lamanzere. Tsamba lililonse linali ndi tsiku ndi nambala. Julayi, 80. Seputembala, 65. Novembala, 50. Lachiwiri lapitalo, 35.

Anawerenga mpaka kumapeto, n'kubwereranso koyamba.

"Chifukwa chiyani zinkatsikabe?"

"Chifukwa ukakhala pa nambala imodzi masabata awiri unkayambanso kufa."

"Ndiye kuti dzanja linkaipiraipira."

"Eya."

"Ndipo iwe unkadziwa. Kuposa ine, kuposa adokotala. Unali ndi muyeso wake sabata ndi sabata." Anatseka kabuku kaja. "Unkaona dzanja langa likufa, Neve, n'kumalemba."

"Ndinkaopa khonde lija," ndinatero, ndikulira. "Ndinakuona tsiku lija. Ndinasankha dzanja kusiyana ndi kukutaya wense."

"Linali dzanja lako kuti usankhe?"



"Tsiku lija pakhonde ndinkaganizadi zoipa," anatero. "Sindikana. Ukanandikokera kwa adokotala. Ukanaitana Zdravko, ukanandimenya mbama. M'malo mwake unandisandutsa mwana wopatsidwa chiwongolero cha pulasitiki kuti aziti akuyendetsa galimoto. Pamaso pa anzanga, pamaso pa amayi."

Anatenga kabuku kaja n'kukaika m'thumba la jekete. Sabata ziwiri zotsatira anakagona kwa amayi ake.

8

Anabwerera, koma si yense. Mafizo amapita katatu pa sabata popanda womukankha, ndipo kampira kaja amakafinya ngakhale akudya. Zala ziwiri zija sizinawongoke. Kampani inamupatsa ntchito yolandira mafoni a anthu otsekeredwa m'zikepe, iye n'kumatuma anzake akale kukakonza. Amabwera kunyumba atatopa ndi kukhala pansi.

Pa kompyuta anaika mawu achinsinsi. Akavala malaya a mabatani, ndikangosuntha amati, "Usandithandize." Ndiye ndimakhala pa bedi, manja pansi pa ntchafu, n'kumaonerera batani limodzi likumutengera mphindi zitatu. Akandifunsa ngati supu wachuluka mchere kapena ngati tsitsi lake layamba kuyera, amandiyang'anitsitsa nthawi yaitali ndikayankha. Mawu anga onse amayamba wawayeza kaye.

Loweruka lapitali kunabwera Zdravko, ndipo anadzitsekera kuchipinda kuja awiriwiri. Ndinali pakhonde ndikuyanika zovala pamene ndinamva nyimbo ya gemu. Khutu la woyesa magemu silisochera. Chitsulo chimayamba ndi ng'oma. Iyi inali ya chitoliro, yofatsa, imene imalira munthu akasankha Nthano.

"Usauze munthu," ndinamva Trifon akutero.

"Ndiuze ndani, aise? Ine ndakhala ndikukuuza zaka khumi," anatero Zdravko, ndipo onse awiri anaseka.

Ndinaima pomwepo ndi malaya onyowa m'manja. Batani limene ndinkaganiza kuti lingamuphe analidina yekha, ndipo anaseka. Kuseka kumeneko sikunali kwanga, ndipo chitseko chinali chotseka.

Inu amene mwawerenga mpaka apa, mwina ena mukuti ndinapulumutsa moyo wa munthu. Nanenso ndimadziuza choncho masiku ena, ndipo mwina Lachiwiri loyamba lija n'zoona. Koma panali Malachiwiri ena makumi atatu, ndipo pa amenewo sindinkapulumutsa Trifon. Ndinkadzipulumutsa ndekha ku nkhope imene ndinadzaiona patebulo la kukhitchini. Pa mkangano wa Nthano ndi Chitsulo maganizo anga sanasinthe: aliyense asewere mmene angathere, palibe chamanyazi. Koma wosankha akhale mwini manja. Ngati m'nyumba mwanu muli wina amene mukumufewetsera zinthu mwakabisira, mukumubisira zimene adokotala ananena, kapena mukumuombera m'manja pa zimene sanachite, dzifunseni kuti nambala yafika pati. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ine ndinakana kukhala mnansi wa mwamuna wanga pa nthawi imene zala zake zikanatha kuwongoka.

Kabuku kobiriwira kaja akadali nako. Dzulo ndinakaona patebulo pake, pambali pa kampira. Pansi pa 35 wanga walembapo manambala ake, a kuchuluka kwa maulendo amene wafinya kampira, m'zilembo zokhotakhota za dzanja lamanzere. Sindinakakhudze.